Kalata Yonena za Magazi a Mwana Wanga

Kwathu makalata ankafikira kutchalitchi. M'mudzi monse munalibe munthu wa bokosi lake kupositi, choncho aliyense wotilembera ankalemba bokosi la parishi, ndipo akatekisiti akapita ku Lobi pa njinga ankabwera nawo m'chikwama cha mabuku. Lamulungu mapemphero akatha, ankaima pakhomo n'kumaitana mayina. Kalata sunkalandira mobisa. Ukangotambasula dzanja maso onse ali pa iwe, ndipo usanatuluke pabwalo wina wakufunsa kale kuti, "Kwagwanji?"

Nthawi imeneyo matipate anali atangoyamba kumene, ndipo mapepala anachuluka: a zipani, a mipingo yatsopano, a anthu ogulitsa zinthu zomwe sitinali kuzidziwa. Ine ndinali pa chitengwa kwa amuna anga, iwo ali ku Kasungu pa esiteti ya fodya. Ndinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda chogwira khoma. Makalata a bambo ake ndinkawadziwira patali, envulopu yofiirira, dzina langa lolembedwa mopendekera.

Imene inabwera Lamulungu lina la m'nyengo yozizira inali yoyera mbuu, dzina langa lotayipidwa ndi makina, lonse, ndi la ubatizo lomwe.

"Amayi, mwayamba liti kulemberana ndi aboma?" anatero akatekisiti akundipatsa. "Akakupatsani unduna musatiiwale ife a njinga zopanda buleki."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo.

Ndinakaitsegulira kuseri kwa khola la mbuzi. Mbali ina inali ya Chingerezi, ina ya Chichewa. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma Chichewa ndimawerenga bwino, moti amayi anzanga ankabwera kwa ine kuti ndiwawerengere makalata awo. Inayamba ndi kundipatsa moni potchula dzina langa. Kenaka inafunsa ngati ndikudziwa kuti magazi a mwana wanga akuchepa. Inati mwana wolira usiku, wokana phala, wotumbuluka m'manja, ameneyo asachedwe naye, chifukwa amayi ambiri amazindikira zinthu zitaipa kale. Pansi pake panali chithunzi cha botolo la mankhwala, ndi mayi wovala zoyera atanyamula khanda lonenepa. Amati nditumize ndalama kupositi, botololo libwera.

Wowerenga lero akhoza kuseka. Koma ife tinkadziwa chinthu chimodzi, kuti kalata yotayipidwa imachoka kuboma basi. Ndiye ndinadzifunsa kuti amene akudziwa dzina langa lonse, n'kudziwanso kuti ndili ndi mwana, angakhale ndani? Achipatala okha. Ndi kumene anandilemba kusikelo, ndi kumenenso ananditenga magazi ndili woyembekezera. Ndipo zaka zimenezo nkhani ya magazi inali yolemera. Tinkaika maliro a anthu a msinkhu wanga, matenda ake osawatchula. Ndinaganiza kuti mwina achipatala anaona kanthu kalekale, aopa kundiuza pamaso, ndiye andilembera mozungulira.

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, tinkagwiritsa khitchini imodzi. Anandifunsa za kalatayo ndikusenda mbatata.

"Ndi za feteleza," ndinatero.

"Feteleza mwezi uno? Aboma afulumira chaka chino, ndithu matipate ndi abwino."

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga ndinamusandutsa chinthu choyang'anitsitsa. Ndinkamutsitsa chikope kuona ngati m'kati muli mofiira. Ndinkamutambasula manja padzuwa, kuwayerekeza ndi anga. Akalavula phala ndinkakaiwerenganso kalata ija. Ndipo kunena zoona phala ankakanadi masiku amenewo, kamimba kali tuu, miyendo yowonda. Poyamba ndinkati ndi mano. Tsopano chilichonse chinkagwirizana ndi kalata ija. Ndinafika poyang'ana nyemba zimene ndinasungira mbewu, kuganiza zozigulitsa kuti ndiitanitse botololo.

Chimene chinandiletsa n'chakuti mankhwala osawadziwa sindipatsa mwana. Ndinati ndikayambe ndafunsa amene andilemberawo. Tsiku la sikelo linali kutali, komanso kumeneko amene amayeza ana ndi anthu odziwana nawo, nkhani ikanafika m'mudzi ine ndisanafike. Ndinauza alamu kuti ndikukagula mchere ndi sopo, n'kukwera matola onyamula kachewere mpaka pa Chimbiya, kenaka minibasi ya ku Boma, kumene kuli chipatala chachikulu. Njira yonse mwana ali pamiyendo, ndinkamvetsera kapumidwe kake.

Nditafika pamzere wa kuchipatala, anamwino amene ndinawapeza anali mayi wachikulire wa magalasi. Ndinawapatsa kalatayo ndi manja awiri. Sanaiwerenge n'komwe. Anangoona botolo lija n'kuusa moyo.

"Inunso? Mwachokera kuti?"

"Kupitirira Lobi."

"Mayo ine. Mwana wanga, chipatala chinayamba liti kulembera anthu makalata? Ifetu ngakhale sitampa tilibe. Awa ndi amalonda. Amatayipa kalata imodzi, kusintha dzina lokha. Inu sakudziwani, mwana wanu sanamuonepo."

"Nanga dzina langa?"

"Limenelo mukafunse kwanu. Bweretsani mwanayo kuno, popeza mwabwera kale."

Anamuyang'ana m'maso, m'kamwa, anamusindikiza pamimba mpaka analira. Kenaka anati magazi sali oipa kwenikweni, koma ali ndi njoka zam'mimba, ndipo zikadzakhalitsa ndiye zidzamumaliza magaziwo. Anandipatsa mapiritsi, n'kundiuza kuti phala ndizithira nsinjiro ndi masamba opera. "Mukamuyezetse kusikelo mwezi ukubwerawu. Mzere wa pakhadi lake ukakwera, gonani tulo. Ukapanda kukwera mubwerenso."

Ndinatuluka nditapepukidwa theka. Theka linalo linatsala pa mawu akuti ukapanda kukwera.

Madzulo ake ndinawauza alamu zonse, tikupeta chimanga. Sanadabwe ayi. Anaomba m'manja n'kuseka.

"Aa, kani ndi imeneyo feteleza uja! Ndinetu ndinapereka dzina lanu. Pa Chimbiya panali bambo wina wa tayi ndi tebulo lake, akuitanira pa chimkuzamawu kuti aliyense wotchula amayi a ana aang'ono alandira kalendala. Ija ili pakhoma kwangayo. Ndinatchula onse a mu mphakati mwathu, opemphera nawo limodzi aja, kalekale, mvula isanathe."

"Alamu, osandifunsa?"

"Kufunsa chiyani? Dzina lanu lachepa? Si muli nalobe?"

"Ine sabata yonse chakudya sichinalowe."

"Mantha anu omwe. Kalata ukapanda kuifuna umakolezera moto, yatha. Komanso tanenani zoona, pakanapanda kalatayo mukanapita ku Boma? Njokazo zikanatuluka zokha kudzakupatsani moni?"

Zinali zoona kuti kalatayo ndi imene inandinyamula. Alamu sanali munthu woipa, ndipo iwo ankaona ngati anandichitira zabwino. Ndinangoti, "Mlendo amayamba waodira pakhomo, salowa mpaka kuchipinda." Iwo anati kalata ilibe pakamwa poodira, n'kupitiriza kupeta.

Lamulungu lotsatira akatekisiti anatulutsa maenvulopu oyera ena atatu. Imodzi inali ya mayi wina wa mu mphakati mwathu, woyandikana nafe munda, amene anaika mwana wake wamwamuna kumanda chimanga chikucha. Sankadziwa kuwerenga. Ndinamuona akulandira, akuitembenuza, kenaka akundifunafuna ndi maso. Ndinalakalaka nthaka itanditsegukira.

"Anzanga, tandiwerengereni. Mwina ndi za malume anga a ku Joni."

Ndinaitsegula. Mawu ake omwe aja, osasintha ngakhale amodzi: kodi mukudziwa kuti magazi a mwana wanu akuchepa, musachedwe naye. Alamu anali ataima pambali panga, akusuzumira chithunzi cha khanda lonenepa lija. Ndinaipinda msanga.

"Ndi amalonda a mankhwala," ndinatero. "Akulembera aliyense. Inenso anandilembera yomweyi. Mulibe za inu."

"Mankhwala a chiyani?"

"A ana."

Anakonza mpango kumutu. Kenaka anafunsa pang'onopang'ono, "Nanga sanamve kuti ine ndilibe?"

Alamu anatenga kalata ija m'manja mwanga, n'kugwada pafumbi pomwepo, zovala za kutchalitchi zili m'thupi. "Amayi, ndine ndinakutchulani. Nthawi imeneyo mwana ali moyo. Sindinaganize." Mayi uja anawadzutsa, anati palibe mlandu, n'kuuyamba wa kwawo yekha, osadikira anzake oyenda nawo. Ine ndi alamu tinapita kwa akatekisiti kukawapempha kuti maenvulopu oyerawo akabweranso asamaitane pagulu, aziyamba afunsa mwini wake ngati akuwafuna. Anavomera, nthabwala zitawathera.

Masabata otsalawo ndinkasinja mtedza m'mawa uliwonse. Njoka zinatulukadi, ndipo mwana anayamba kumaliza phala, koma ine sindinkakhulupirira maso anga, ndinkafuna sikelo inene. Tsiku lake alamu anandiperekeza osawapempha. Sikelo ankaipachika panthambi kuseri kwa sukulu, mphepo ikuomba kuchokera kuphiri, ana onse akulira chifukwa chowavula. Itafika nthawi yathu alamu ndiwo anamuveka mwanayo kabudula wa sikelo. Mwana anapalapata m'mwamba, singano ikuvina. Itaima, alangizi a zaumoyo anaika kadontho pakhadi, pamwamba pa ka mwezi watha, n'kuitana wotsatira.

"Wakwera?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditaona.

"Wakwera, amayi. Sunthani, mzere ndi wautali."

Ndinakhala pansi pa udzu. Alamu anamubereka mwanayo ulendo wonse wobwerera, akudandaula kuti walemera ngati thumba la kachewere ndipo msana wawo ndidzaulipira ine.