Bambo Amene Anasiya Raksi

Bambo a nyumba yakumtunda sakhala pampando. Amaima chotsamira khoma, dzanja lili m'chiuno, nkhope ili ngati alawa ndulu. Msana anauthera m'mapiri a ku Jumla, kusenza matumba a mchere ndi lamba wa pamphumi. Kale akamwa raksi, kachasu wa mawere uja, ankaimba mudzi wonse n'kumva. Chisiyireni mowa amangomwa tiyi ndi kukalipira mbuzi. Ukawafunsa za msana amati, "Ulipo, sunapite kulikonse." Anzawo akale amawalambalala, ati munthu wosamwa amaziziritsa macheza.

Paukwati wa mwana wawo wamkazi, ululu unawagwira mpaka thukuta kamukamu. Harka, mnzawo wakumowa, anawabweretsera kapu yodzaza.

"Achimwene, imwani. Uwu si mowa, ndi mankhwala a msana. Mukufuna mufe muli okhota ngati chikwakwa?"

Bambowo anailandira. Fungo linawalowa mpaka kukhosi, malovu n'kudzaza m'kamwa. Ankadziwa kuti kapu imodzi yokhayo ikanawapumitsa.

"Amachizadi," anatero. "Ndinkati ndikamwa, msana wanga unkapola, n'kuyamba kuwawa wa mayi a mwanayu." Anabweza kapuyo.

Akazi awo, amene ankagawa mpunga chapafupi, anamva zonse. Bambowo anawayang'ana, kudikira mwina kaliwu kamodzi kokoma.

"Mwazindikira lero, mano anga atatha m'kamwa?" anatero mayiwo osadzutsa n'komwe mutu. "Sunthani apo, mukutchinga njira."

Anasuntha, koma pang'onopang'ono, pakuti msana wotere sulola changu.