Mayi wamwala wa kwa Tiburzio

Alamu anga a Tiburzio anaswa mitu ya mafumu a Roma wakale yochuluka kuposa msilikali aliyense. Musaseke, ndikunena zoona. Ntchito yathu inali yootcha laimu. Muno mu Roma ukati ukumbe ngakhale dzenje la chimbudzi, khasu limagunda munthu wamwala, wina atanyamula mkondo, wina ali buno bwamuswe opanda ndi kansanza komwe. Ife tinkawafukula, kuwaphwanya ndi nyundo, n'kuwaponya mu uvuni masiku atatu. Ankatuluka ali ufa wa mbee, amisiri n'kumangira matchalitchi.

Alamuwo anali munthu wosayankhulayankhula, wa mapewa ngati ng'ombe yapangolo. Asanamenye chiboliboli ankayamba avula chipewa. "Pepani bwana, ufumu unatha," kenako phwaa! Mphuno uko, khutu uko. Anakwatira mlongo wanga Porzia, ndipo kunyumba kwawoko kunali zii. Porzia anabereka katatu, ana onse atatu osalira. Amayi a kochapira ankanong'onezana kuti mimba yake ndi manda, iye akumva.

Tsiku lina m'munda wa mpesa kuseri kwa mabwinja tinafukula mayi wamwala, atakhala pampando, khanda lili pabere, kamwezi kali pamutu. Alamu atakweza kale nyundo, Porzia anatulukira ndi buledi ndi nyemba zathu za masana. Dengu analiponya pansi.

"Imani! Mwapenga kodi? Simukuona kuti awa ndi Amayi Maria?"

"Achemwali, pansipa pali zolemba," ndinatero ine.

"Iwe Nardo, unayamba liti kuwerenga? Kamwezika si komwe kali pachithunzi cha kutchalitchi kaja?"

Zoonadi, tonse atatu chilembo sitinkachidziwa. Alamu anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mwala, n'kutsitsa nyundo pang'onopang'ono. Tinamukweza pangolo mayi uja, ulendo kunyumba. Porzia anamusambitsa, anamufunditsa nsalu yobiriwira, ndipo anamuyatsira nyale ya mafuta a azitona imene sinkazima. Chaka chisanathe anabereka mwana wamkazi, Graziosa, amene analira mpaka nkhuku za anansi kubalalika. Inuyo mukanakhulupirira chiyani?

Mbiri inawanda. Amayi osowa ana anayamba kubwera mmodzimmodzi masana amuna awo ali kuntchito. Porzia ankaviika chala m'mafuta a nyale ija n'kuwalemba mtanda pamimba. Sankalandira kanthu, ngakhale dzira. Koma Fulvio wogulitsa nyama, galu wa munthu, anaona mafuta pachovala cha mkazi wake. Anamumenya ndi mpini wa nkhwangwa mpaka kumugulula mano awiri, koma mayiyo anangonena kuti "ndinapita kwa Tiburzio," basi. Fulvio anathamangira ku bwalo la mpingo loweruza za chikhulupiriro, kukanena kuti kwa wootcha laimu akudzoza akazi a eni.

Asilikali anabwera dzuwa lili paliwombo, Porzia ali kumtsinje ndi mwana. Anatipeza ife awiri tikudya. Wansembe amene anawatsogolera anakanganula nsalu ija, anawerenga zolemba zija, n'kulavula.

"Mbuzi inu! Ili ndi fano la mulungu wamkazi wa achikunja. Makolo anu ankaliphera nkhuku. Amadzoza akazi ndi mafuta a Satana muno ndani?"

Tonse tinkadziwa tanthauzo la funsolo. Mwamuna wopusa amakwapulidwa n'kumasulidwa. Mkazi wodzoza anzake amatchedwa mfiti, ndipo akalowa m'zipupa za bwalo lija mwana wake amakula osamudziwa. Graziosa anali ndi miyezi isanu, ali pabere.

"Ndine, bambo," anatero alamu.

Anatitenga tonse awiri. Sindibisa, ine anangondionetsa chingwe, mkodzo n'kutsika wokha. Ndinalumbira kuti ine ndimangonyamula miyala, za m'nyumba mwa alamu sindizidziwa. Anandikhazika pakhomo kuti ndione zimene zimachitikira onama. Alamu anawamanga manja kumbuyo, chingwe chochokera kudenga anachimangirira m'manjamo, ndipo amuna awiri anakoka mpaka chimunthu chonse chija chinalendewera m'malere.

"Mwana wanga, akazi sangavulire mimba mwamuna," anatero woweruza, mawu ake ofatsa ngati akudalitsa chakudya. "Mkazi wako ali pati pa zimenezi?"

"Mkazi wanga ndi chitsiru, bambo. Amangodziwa kuphika nyemba."

Woweruza anagwedeza mutu. Anthu aja anataya chingwe, n'kuchigwiranso mwadzidzidzi mapazi asanafike pansi. Phokoso limene ndinamva ndi lija limamveka pothyola mwendo wa mbuzi yophika. Alamu anabangula. Pakona panali mlembi, akulemba kulira kulikonse osadzutsa mutu. Anawakweza kachiwiri. Anawakweza kachitatu, magazi akutuluka m'mphuno, masanzi ali pachifuwa. Funso linali lomwelo, yankho lomwelo, kungoti mawu ankanka nachepa: "Ndine." Powatsitsa, sing'anga anawaponda pachifuwa n'kukankhira mafupa a mapewa m'malo mwake, alamu n'kukomoka.

Chigamulo chinatuluka patapita milungu iwiri: alamu akwapulidwe m'misewu, kenako aphwanye fanolo ndi nyundo yawo, anthu akuona, kuti zidziwike kuti alapa. Anawakweza pabulu, msana uli pamtunda, chipewa chapepala kumutu. Chikoti chinkalira pamphambano iliyonse. Anthu omwewo amene akazi awo ankagwada m'nyumba muja ndiwo ankaponya ndowe ndi mitu ya nsomba. Fulvio anabwera ndi ndowa ya matumbo. Pofika pa uvuni wathu msana wa alamu unali nyama yofiira, ntchentche zitayamba kale.

Mayi wamwala anali atamukhazika pabwalo. Anawapatsa nyundo yawo yomwe, imene kale ankaizunguza ndi dzanja limodzi. Anaigwira. Anakoka, mitsempha ya m'khosi n'kutupa, nyundo inadzuka kufika m'maondo n'kugwa. Anayesanso, inawagwera pachala. Mapewa aja anali atatha.

"Mwaona?" anatero wansembe uja, akutembenukira khamu. "Manja akukana chifukwa mtima ukadali pafano. Alipo amene akumubisa. Bwererani naye kuchingwe, ndipo mubweretsenso mkazi wake."

Porzia anali pambali panga. Anandiponyera mwana m'manja osandiyang'ana n'komwe. Ndinaganiza kuti akukaulula, ndipo mapewa a alamu apita pachabe. Ndinamugwira nsalu, iye anandiluma dzanja. Anadutsa pakati pa asilikali, n'kuima pamaso pa mwamuna wake. Kenako mbama, phaa, ya dzanja lonse.

"Chidakwa iwe! Wandilowetsera Satana m'nyumba, mwana wanga akugona momwemo! Bweretsa kuno!"

Anatola nyundo ndi manja awiri. Anayambira kumaso kwa mayi wamwala uja, nkhope imene ankaipukuta m'mawa uliwonse. Kachiwiri khosi linaduka, mutu n'kugubuduka. Kachidutswa kanamucheka pamphumi, magazi anatsikira m'maso, iye osaleka. Ankatukwana pomenya paliponse, matusi amene sindinkadziwa kuti mlongo wanga amawadziwa. Linatsala khanda lamwala lija, lili pabere la mayi wopanda mutu. Apo anaima. Ine ndinaona wansembe akumuyang'anitsitsa. Graziosa analira m'manja mwangamu. Porzia anamenya, khanda n'kugawanika pakati.

Khamu linaomba m'manja. Wansembe anakweza dzanja la Porzia m'mwamba n'kunena kuti, "Mkazi wachikhristu ndi uyu, amayi nonse tengerani chitsanzo." Ine ndinkafuna kumulavulira wansembeyo, koma mwandidziwa kale kuti ndine wamantha. Anatilamula kuponya zidutswa zonse mu uvuni iwo akuona, ndipo laimu wake anati tikapereke ulere ku katchalitchi ka m'dera lathu, kamene khoma lake lakumanzere ankalikonza.

A Tiburzio anakhala zaka zina khumi ndi zisanu ndi zinayi, osakwezanso dzanja kupitirira m'chiuno. Ankangotsogolera bulu wonyamula nkhuni, chingwe atachikulunga palamba. Malaya ankawaveka ndi Porzia, chipewa ankawavula ndi Graziosa. Za mbama ija sankayankhulapo, ndipo Porzia sanapepese. Ine ndinafunsapo kamodzi titamwa vinyo, iwo anangoti, "Alamu, inali mbama yabwino, inamveka mpaka kumbuyo."

Lamulungu lililonse Porzia sankapita kutsogolo kumene amayi anzake ankagwada. Ankagwada kumanzere, n'kutsamiritsa mphumi yake yachipsera pakhoma lija mpaka Misa kutha. Podzuka, pamphumi pankakhala payera ndi laimu. Alamu ankamudikira pakhomo, pamene wansembe amaima popatsa anthu moni. Dzanja lawo silikanafika kumaso kwa mkazi wawo, choncho Porzia ankawerama ngati akumanga nsapato, n'kutsitsa mutu mpaka m'chiuno mwawo. Iwo ankapukuta msangamsanga ndi chala chachikulu, wansembe asanaone.