Duwa la Esinati ndinaliyanika ngati makaka

Lolemba m'mawa ndinaima pa geti la loji ina kuno ku Chintheche, mwana kumsana, chitini cha penti m'manja. M'chitinimo munali timitengo tofota ndi masamba ochepa olendewera. Mlonda anandiyang'ana, anayang'ana chitini, kenaka n'kundifunsa ngati ndabwera kudzagulitsa nkhuni.

Ndinafuna kubwerera. Ine ndine munthu woti m'minibasi ndimatha kupitirira siteji yanga chifukwa choopa kukweza mawu kuti nditsike. Koma tsiku limeneli ndinalibe kothawira, chifukwa timitengoto sitinali tanga.

Mwini wake ndi Esinati, mnzanga woyandikana naye nyumba. Kwawo ndi ku Mulanje, kuno anabwera kudzagwira ntchito yokonza zipinda pa loji yomweyo. Pobwera anatenga duwa limodzi limene amalitchula kuti fushiya. Maluwa ake amalendewera chozondoka ngati ndolo, kunja ofiira, m'kati obiriwira mofiirira ngati nsalu ya pa guwa. Anamupatsa ndi mayi ake, amene anatisiya chaka chatha. Kwawo tsinde lake linauma kalekale, ndiye limene latsala ndi la m'chitinili basi.

Masabata awiri apitawo Esinati anapita kwawo ku ukwati wa mng'ono wake. Asananyamuke anandiitana pakhonde pake, pamene chitinicho chimalendewera pa waya pafupi ndi mtengo wa mango, n'kuyamba kundifotokozera kasamalidwe kake. Esinati amalankhula Chichewa chothamanga cha kummwera, chosakaniza ndi Chingerezi cha ku loji. Ine kunyumba timalankhula Chitonga, Chichewa ndinachiphunzira kusukulu ndi pawailesi. Pa zonse zimene ananena ndinatolapo mawu atatu: madzi, dzuwa, m'mawa.

"Mwamva eti, amake Wongani?"

"Eya, ndamva."

Ndinali ndisanamve. Koma galimoto inali kumudikira kumsewu, ndipo ndinachita manyazi kuoneka ngati munthu wosadziwa kuthirira duwa.

Tsono tamvani nzeru zimene ndinapanga ndekha. Kuno kwathu chilichonse chimafuna dzuwa. Chinangwa cha pamthunzi sichibereka. Usipa ukapanda kuona dzuwa umaola. Zovala, mpunga, ufa, zonse timathamangira nazo padzuwa. Nditaona kaduwa kaja kali phee pamthunzi ndinakamvera chisoni. Ndinati Esinati amatanganidwa ndi ntchito, n'chifukwa chake sakatulutsa. Ndinachotsa chitini pa waya n'kukachiika pathandala pamene ndimayanika chinangwa chovuula, poyera, pamene dzuwa la Okutobala limafika popanda chotchinga.

Tsiku loyamba masamba anagwetsa makutu. Ndinati ndi ludzu, n'kuthira madzi masana. Tsiku lachiwiri anafota kwambiri, ine n'kuwonjezera madzi. Pofika tsiku lachinayi masamba anali kuyoyoka, dothi likununkha ngati pamene timaviika chinangwa.

Bambo a Wongani atabwera kuchokera kunyanja anaima n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandipatsa malangizo awo: ndidzangonena kuti mbuzi yadya. Anati mbuzi za pamudzi pano zili kale ndi milandu yambiri, umodzi wowonjezera sizingadandaule. Ndinaseka, koma ndinakana. Munthu wakusiyira chinthu chokhacho chimene mayi ake anagwira ndi manja, iwe n'kudzamulandira ndi bodza?

Ndinabwezera chitini pakhonde, n'kudikira masiku angapo kuti mwina lidzuka lokha. Silinadzuke. N'chifukwa chake Lolemba ndinapezeka pa geti paja, kufunsa munthu amene amasamalira maluwa a pa loji.

Anatuluka Ada Longwe, bambo wamkulu wa ku Bandawe, atavala jombo, lumo lodulira maluwa lili m'thumba. Ndinawafotokozera zonse maso ali pansi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka mpaka kugwira geti.

"Mama, ndiye kuti mwaliyanika ngati makaka? Mumafuna mudzasinje ufa?"

Mlonda naye anaseka. Ine ndinaseka nawo, chifukwa zinali zoona.

Ada Longwe anakhala pansi n'kukanda tsinde ndi chikhadabo. Pansi pa khungwa panali pobiriwira. Anati likadali moyo, koma latsala pang'ono. Anazula lonse, n'kundionetsa mizu ina yakuda imene inaola ndi madzi anga a masana aja. Anaidula, anaboola chitini mabowo ena pansi, n'kuikamo dothi latsopano losakaniza ndi mchenga ndi masamba oola. Nthambi anazidula mpaka kutsala zazifupi ngati zala. Ndinatsala pang'ono kuwagwira dzanja kuti asiye kudula. Timitengo tiwiri timene tinali tisanafote kwambiri anatibzala padera mu mchenga wonyowa, kuti tsinde likakana mwina ito tiphuke.

"Duwa ili kwawo n'kuphiri kozizira," anatero. "Kuno ndi mlendo. Mlendo simumukhazika pabwalo masana."

Kenaka anandiyendetsa chaka chonse, pang'onopang'ono, m'Chitonga. Miyezi yotentha ino, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, musayembekezere maluwa. Ntchito ndi kungolisunga lamoyo: pamthunzi, podutsa kamphepo, dzuwa la m'mamawa lokha. Kuthirira ndi m'mawa, ndipo musanathire pisani chala m'dothi. Chikatuluka chonyowa, siyani. Anati masamba akafota masana si nthawi zonse ludzu, mwina ndi kutentha chabe, ndiye ndi bwino kuwaza madzi pansi pozungulira kuti pazizire.

Mvula ikabwera vuto limatembenuka. Chitini chisakhale pamene madzi a padenga amagwera, ndipo chikhale pamwamba kuti madzi azituluka. Apo ndi pamene mumaikako manyowa pang'ono, oola bwino. Mvula ikatha, mwera ukayamba kuomba, mlendo uja amayamba kumva ngati ali kwawo. Mumatsina nsonga ndi zala kuti lichite nthambi zambiri, ndipo m'Juni ndi Julayi ndolo zija zimatuluka. Zofota mumazithothola kuti zina zibwere. Anandiuzanso kuti ndizisuzumira kunsi kwa masamba. Ndikaona tizilombo toyera, ndizitsuka ndi madzi a sopo pang'ono.

Atamaliza sanandifunse ngati ndamva. Anati: "Tsopano mundiuze inuyo."

Ndinayamba kubwereza. Pa nkhani ya manyowa ndinalakwitsa, ndinati nthawi yotentha. Anandikonza, n'kundiuza kuti ndiyambirenso. Kachitatu ndinanena zonse bwino, mlonda n'kuombera m'manja.

Pobwerera kunyumba ndinali kuganiza za mawu aja akuti "ndamva". Kodi timawanena kangati pa sabata tisanamve kanthu?

Ku sikelo ya ana timakhala pa benchi amayi ambirimbiri. Wazaumoyo amafotokoza za mankhwala, kangati patsiku, masiku angati. Akafunsa kuti tamva, tonse timayankha pamodzi ngati kwaya. Tikangotuluka panja timayamba kufunsana pansi pa mtengo: anati kawiri kapena katatu? Amene ali ndi mawu akulu ndiye amapambana, ngakhale naye sanamve. Mlangizi wa zaulimi akabwera ndi mbewu yatsopano ya chinangwa, chimodzimodzi. Timagwedeza mitu, iye n'kukwera njinga yake akusangalala, ife n'kukabzala monga tinazolowera.

Si kuti ndife ogona. Tinakula tikuphunzitsidwa kuti kufunsa munthu wamkulu kawiri ndi kumutopetsa. Enafe sukulu tinalekera panjira, ndiye timaopa kuti tikafunsa anthu adziwa. Ndiponso chinenero chimene amatiuzira zinthu zofunika nthawi zambiri si chimene timalotera. Koma taonani zimene manyazi anga anachita. Ndinaopa kuoneka wopusa kwa mphindi imodzi pakhonde la mnzanga, mapeto ake ndinayenda msewu wonse wa Chintheche nditanyamula nkhuni m'chitini.

Nanunso amene mumafotokozera anzanu zinthu, funso loti "mwamva eti?" lili ndi yankho limodzi lokha. Ndani angayankhe kuti ayi, inu mutanyamula kale chikwama?

Chinatsala ndi kumuuza mwini wake. Lachinayi ndinagwira foni, n'kuiika pansi, n'kuigwiranso. Esinati atayankha kumbuyo kwake kunkamveka amayi akuimba ndi mapoto akugundana. Ndinamuuza zonse osasiyako: thandala, madzi a masana, mizu yoola, lumo la Ada Longwe. Ndinamuuzanso kuti tsiku lija pakhonde ndinanama, ndinali ndisanamve.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

Kenaka anafunsa ngati tsinde likadali lobiriwira. Ndinati eya, ndakanda m'mawa womwewo. Anapuma mwamphamvu. Anati mayi ake ankamuuza kawirikawiri kuti duwa lotere silisungidwa m'chitini chimodzi, azidula n'kugawira anzake kuti likafa kwina litsale kwina. Iye ankayankha kuti wamva, koma zaka zonsezi sanadulepo n'kamodzi komwe, ankaliumira.

"Ndiye timitengo tiwirito tikaphuka, kamodzi n'kanu," anatero. "Koma mundiuze kaye, mudzakaika pati?"

Ndinaganiza za khonde langa, limene limayang'ana kumene dzuwa limalowera. Ndinaganiza za mtengo wa mandimu kuseri, koma kumeneko nkhuku zimafukula. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti ndikudziwa.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Mudzandionetse mukabwera. Ndipo mudzalankhule pang'onopang'ono."

Esinati anaseka mpaka wina kumbuyo kwake anafunsa kuti kwagwanji. Anati Loweruka akangotsika basi, chikwama asanamasule, tidzazungulira nyumba yanga limodzi kufunafuna mthunzi.

Nanga inu, sabata ino mwauza ndani kuti mwamva? Akadali pafupi kuti mukamufunsenso?