Mapepala a chinangwa amene ndinaanika padzuwa

Ine ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili kale ndi zidzukulu ziwiri, ndithu, agogo athunthu kukalembedwa ntchito! Kunali chilala chija cha m'ma 90 chitangopita. Ndinkagulitsa chinangwa pa Songani, ndiye panafika amayi Likoswe, mayi wophunzira wa magalasi m'maso. Anaona mmene ndinkasendera, mpeni ukungovina m'manja, nandifunsa ngati ndingabwere Lolemba kushedi kwawo ku Malemia. Ndinavomera asanamalize n'kufunsa komwe.

Kumeneko tinkapanga mapepala okulungira chakudya, owala ngati pulasitiki koma ukawataya kudimba amaola. Tinalipo awiri, ine ndi Abiti Saidi, mnzanga wa ku Naisi. Chinangwa tinkachikwecha palata loboolaboola ndi msomali, kufinya pansalu, madziwo n'kudikha m'beseni. Ufa woyera wotsala pansi tinkauphika phala lamadzimadzi, n'kuthiramo gilisalini, yomwe ija timadzola, ndi madzi a jinja oti chakudya chisachite chuku msanga. Phalalo tinkalithira pamagalasi a mawindo, liume masiku awiri m'shedi momo, kenako n'kumatula pang'onopang'ono ngati ukusenda dzira.

Sabata ina kunagwa chiperoni. Magalasi makumi anayi ali ndandanda, osauma, pomwe Lachisanu galimoto imabwera kudzatenga mapepalawo kuti akayesedwe kukulungira matemba. Lachisanulo dzuwa linatuluka, lokoma, lowala. Amayi Likoswe anali atapita ku Zomba. Ine mwana wa mlimi, makaka ndayanika pathanthwe chibadwire, ndinati chinangwa n'chinangwa basi. Abiti anandiletsa, ine osamva. Ndinatulutsa magalasi onse pabwalo, ndikuimba.

Pofika masana anauma, inde, koma anauma gwaa. Nditamatula pepala loyamba linathetheka m'manja ngati chigoba. Lachiwiri chimodzimodzi. Nyimbo inathera pomwepo.

Amayi Likoswe atafika anayang'ana zidutswazo, kenako anacheukira Abiti, poti ndiye anali wakale pantchito. Ndinati ayi, ndine, mnzangayu anandiletsa.

"Amayi, galimoto ifika folo koloko," anatero motsitsa mawu. "Ikabwerera yopanda kanthu, Lolemba musavutike n'kubwera."

Kunyumba zidzukulu ziwiri zija, ana amasiye, zinkadya ntchito imeneyi. Nditakhala pansi ndinaganiza za tsamba la nthochi: ukafuna kukulungira mkate, louma limang'ambika, koma ukaliwamba limafewa. Ndinapempha kuti ndiyese ndi nthunzi. Iwo anangoti palibenso choti chiwonongeke.

Tinawiritsa madzi mumphika waukulu wophikira phala. Ndinagwira galasi chozondotsa pamwamba pa nthunzi, koma ndinachedwetsa, pepala linasanduka phala, nanda nanda m'zala. Abiti anandinong'oneza kuti mmene ndimakondera kuimbamo, bwanji nyimboyo igwireko ntchito lero. Ndiye ndinatenga kanyimbo kanga kosinjira, ndime imodzi yokha, galasi pa nthunzi, ndime ikatha n'kuchotsa. Ndinaika chikhadabo pakona, kukoka, kukoka, pepala lija n'kubwera lonse lathunthu, lofewa ngati mpango.

Palibe anaseka. Amayi Likoswe anavula wotchi, nayeza kutalika kwa ndime yangayo, nalemba m'kope. Kenako anapinda manja a bulauzi n'kuyamba kutipatsira magalasi. Ine kuimba, Abiti kumatula, iwo kusanja pakati pa nyuzipepala. Hutala ya galimoto ija ikulira kumsewu, tinali titapulumutsa makumi atatu ndi limodzi. Enawo anapita.

Galimoto itachoka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo aja. "Lolemba mulawire. Koma dzuwa mulisiyire makaka."

Ndinagwira pamenepo zaka zinayi, ee, zinayi zokoma. Chimene ndinatolapo n'chakuti manja ozolowera amathamanga kuposa mutu. Mpaka lero chinthu chikandionekera ngati ndikuchidziwa kale, m'pamene ndimayamba ndaima, n'kufunsa mnzanga ali pambalipa.