Phula la Jabez Whitlock

Jabez Whitlock anali mmisiri womata ngalawa pa kadoko kena kumpoto kwa Boston. Chiyambireni mkangano wa misonkho, iye anasiyiratu kumwa tiyi, yemwe Mfumu inamuikira msonkho, ndipo asilikali a Mfumuyo, a malaya ofiira, akamadutsa ankalavula. Mfumu ya ku England, yosapondapo n'komwe pagombe lawo, iwadyere thukuta chifukwa chiyani?

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo kunabwera Silas wosula zitsulo, yemwe ankatsogolera omenyera ufulu m'tauniyo.

"Achimwene, tibwerekeni mphika wa phula uja. Tagwira kapolo wa Mfumu, tikufuna timuveke nthenga."

"Ndani ameneyo?"

"Mukamuona konko. Inu tenthetsani basi."

Jabez anasonkheza moto akuimba mluzu, n'kunyamula yekha mphikawo mpaka pamsika. Atapyola chikhamu cha anthu, anamuona wogwidwayo. Womangidwa pangolo, ali chifuwa pamtunda, anali Amos, mlongo wake wa mkazi wake Thankful.

"Alamu!" anafuula Amos. "Ndinu mwabwera nalo?"

"Silas, mitu yanu ikuyenda?" anatero Jabez. "Uyu ndi msodzi chabe!"

"Msodzi wonenepetsa adani. Dzulo wapereka nsomba ku sitima ya a malaya ofiira."

"Nanga ana anga adye ufulu?" anakuwa Amos.

Jabez anakakamira mphikawo, koma amuna anamupotokola mikono n'kumulanda. Phula litatsika paphewa, Amos analira ngati mbuzi yozingidwa. Wina anang'amba pilo, nthenga za atsekwe zili mbwee. Jabez anayang'ana khamulo. Omwe ankaseka mpaka kugwira nthiti anali anthu amene ankakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. Ngakhale mayi wophika buledi, amene Amos ankamupatsa nsomba zaulere, ankaomba m'manja.

Atamuzungulitsa Amos tauni yonse, anthuwo anamutaya pakhomo pa Jabez. Thankful atatsegula chitseko anagwira pakamwa, osamuzindikira mlongo wake mpaka atayankhula. Anamupaka mafuta a nkhumba n'kumapala pang'onopang'ono, koma phulalo linkachoka ndi khungu lomwe.

"Phula ili ndikulidziwa fungo," anatero Thankful, maso ali pa mwamuna wake.

"Sanandiuze kuti ndi iye."

"Akanakhala mwana wa wina, bwenzi zili bwino?"



Mabala atapola, Amos anatenga banja lake n'kukwera sitima ya ku Halifax, kumpoto kumene Mfumu inkalamulabe, pamodzi ndi ena okhulupirika kwa Mfumu. Sanatsanzike. Nkhondo itakula Jabez anatenga mfuti ndithu, chifukwa ufuluwo ankaufunabe, koma anapempha kulowa gulu lina kuti asagubire limodzi ndi Silas. Anabwerako ndi mwendo wotsimphina, dziko lili lawolawo.

Thankful ankapita kudoko kukafunsa amalinyero ochokera kumpoto za mlongo wake. Patatha zaka, mmodzi anamuyankha akukulunga chingwe, osatukula n'komwe mutu: "Msodzi wa zipsera uja? Aaa, tinaika kalekale, mayi."