Agogo Anatsala pa Luangwa

Kampani yosindikiza mabuku itagulitsidwa, atate anabwera kunyumba ku Matero ndi thireyi ya zilembo zamtovu pamutu. Anzawo anachoka ndi mipando, iwo anasankha mtovu. Amayi anangoti, "Tizadya vamene ivo?"

Atate ankafuna chinthu chimodzi: buku la ulendo wa agogo, bambo awo, amene anayenda pansi kuchokera ku Nyasalande kudzafuna ntchito. Zilembozo zinkangokwana tsamba limodzi. Masana ankakhala pakhonde n'kumazitola chimodzichimodzi ngati nkhuku pa mapira, akuzisanja m'mizere ya tsamba. Loweruka ankapita ku Kanyama kwa mnzawo wosindikiza makadi a ukwati, n'kudinda tsambalo. Akabwerako ankaphwasula zonse, n'kuyamba lina.

Tsamba likauma sankaliwerenga ndi maso. Ankalitembenuza, n'kuyendetsa chala kumsana kwake kumene zilembo zatumphuka.

"Gwira apa, mwanawanga," ankandiuza. "Ngati siyanalume pepa, ninshi mau siyanaloŵe."

Ndimakumbukabe fungo la inki ndi palafini, fumbi likuyandama pa dzuwa, ine ndikuwodzera n'kumaona agogo akuyenda m'mbali mwa mizere, kamtolo kali pamutu.

Kenako makompyuta anafika, ndipo mnzawo uja anagulitsa makina kwa ogula zitsulo. Tsamba lomaliza linathera pamene agogo alowa m'bwato kuti awoloke mtsinje wa Luangwa. Zaka zonse zotsatira ndinkawalota ali pakati pa madzi, wopalasa atakweza nkhafi, tsidya lili pomwepo koma osafika.

Atate atakalamba, maso atachita khungu, ndinati agogo awoloke basi. Iwo ankanena, ine ndikulemba pa kompyuta. Milungu itatu yokha, buku lonse linatha, lopanda inki, lopanda pepala. Madzulo a tsiku lomwelo abale a ku Kasungu anali akuliwerenga pa mafoni awo. Kunena zoona ndinadzimva, mapewa anakwera.

Ndinawaika foni m'manja. "Atate, buku yanu iyi. Yasila."

Anaigwira mwaulemu ndi manja awiri. Kenako anaitembenuza, n'kuyendetsa chala kumsana kwake, pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anabwerezanso.

"Wachita bwino, mama," anatero, akundibwezera. Chala chinali chikusisitabe pa bondo. "Koma pano palibe pamene agogo bako bapondapo. Bakali pamadzi."