Hita yathu ya ku Marikana

Achimwene Lasitoni, dzulo mwana wanu uja munamusiya ali m'mimba pamene munkamwalira anandiimbira foni. Amafuna kudziwa kuti liwu lanu linkamveka bwanji.

Ndinakumbukira chisanu cha 1983 ku hositela ya anthu ogwira ntchito mumgodi ku Marikana, mukundiphunzitsa zamagetsi pa hita yathu yotenthetsera m'chipinda. Munati, "Iwe mfana, gawa mavolti 220 ndi maampu 5." Ndinapeza maomu 44, muyeso wa mmene waya amakanizira magetsi. "Tsopano chulukitsa 220 ndi 5." Ndinapeza mawati 1,100, mphamvu ya hitayo. Munaseka n'kunena kuti mutu wangawu si wovalira chisoti chokha. Manambalawo ndikuwakumbukira onse, koma liwu lanu ndayesetsa, silikubwera.